Mota yopanda mabulashi, yopandanso maginito a neodymium: ndiyambire pati?

Funso: Ndine mmisiri wokulunga mamota ndi majenereta, ndipo ntchitoyi ndaigwira zaka 12. Masiku ano anthu akundibweretsera mapampu a sola ndi mamota a njinga zamagetsi, aja opanda mabulashi. Waya ndimakulunga bwinobwino, koma maginito ake akafooka kapena akasweka ndimasowa kolowera, poti a neodymium sapezeka m'mashopu kuno ndipo kuitanitsa kunja ndi ndalama zambiri. Ndamvanso kuti makampani a magalimoto akuwathawa maginito amenewa. Kodi munthu angapange mota yopanda mabulashi osagwiritsa ntchito maginito amenewa, yoti n'kupopa madzi a kudimba kapena kuyendetsa njinga? Ndiyambire pati? — Mmisiri wa mamota, Blantyre

Yankho: Achimwene, zimatheka, ndipo sindikukayika kuti mota yoteroyo ili kale pabenchi panu. Mota ya induction ija ya pachigayo, ya mafezi atatu, ilibe bulashi ngakhale limodzi, ilibenso maginito. Rota yake, mbali yozungulira ija, ndi timalata tachitsulo tosanjikizana ndi timizati ta aluminiyamu basi. Nikola Tesla analembetsa luso limeneli mu 1888, ndipo chaka chotsatira Mikhail Dolivo-Dobrovolsky anapanga ya mafezi atatu ku Germany yofanana ndi imene mumakulunga leroyi. Ndayambira pamenepa dala. Dzina loti "yopanda mabulashi" amalonda analipereka kwa mtundu umodzi wokha wa mota, uja wa maginito ndi kontirola, mpaka tinayamba kuganiza kuti kulibenso ina.

Tione kaye chimene mukufuna kuchotsacho. Maginito a neodymium ndi chisakanizo cha neodymium, chitsulo ndi boron. Anatulukira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo anawatulukira ndi anthu awiri, aliyense kwake: Masato Sagawa wa ku Sumitomo Special Metals ku Japan ndi John Croat wa ku General Motors ku America. Mphamvu ya maginito timaiyeza mu tesla. A neodymium amasunga pakati pa 1.2 ndi 1.4, pamene maginito akuda aja a kumbuyo kwa sipika, otchedwa ferrite, amasunga 0.4 yokha. Tikawerengera mphamvu yonse imene kachidutswa kamodzi kangapereke, neodymium imaposa ferrite pafupifupi kakhumi. N'chifukwa chake mota ya njinga imakwana pakati pa masipoko koma n'kumakwera ndi munthu chitunda. Rota imabwera ndi mphamvu yake kale, siipempha karenti, siitenthanso kwambiri.

Matenda a maginito amenewa ndi awiri, ndipo onse mwakumana nawo. Oyamba ndi kutentha. Mukaona nambala ngati N35 kapena N42 yopanda chilembo kumapeto, dziwani kuti malire ake ndi madigiri 80. Okhala ndi H amafika 120, a SH amafika 150, a UH 180. Kuti apirire kutentha kotero amawathira dysprosium kapena terbium, zitsulo zosowa ndi zodula kuposa neodymium yeniyeniyo. Mamota otchipa amawaikira giredi yotsika, ndiye wakabaza akanyamula matumba awiri a chimanga pachitunda dzuwa lili paliwombo, maginito amapsa mwakachetechete, ndipo ngakhale azizire mphamvu ija siibwereranso. Matenda achiwiri ndi dzimbiri. Kakhungu konyezimira ka nickel kaja kakangong'aluka madzi n'kulowa, maginito amatupa n'kusanduka ufa. M'pampu zimenezi sizichedwa.

Makampani akuluakulu sakuthawa kutentha kapena dzimbiri ayi, zimenezo amadziwa kuthana nazo. Akuthawa msika. Dziko la China limakumba pafupifupi magawo awiri mwa atatu a miyala ya rare earth ya dziko lonse, miyala imene mumachokera neodymium ndi zinzake zija, ndipo pa kuyenga ndi kupanga maginito lili ndi pafupifupi 90 peresenti. Mu September 2010, China ndi Japan atakangana pa nkhani ya zilumba za Senkaku, katundu wopita ku Japan anaima, ndipo pofika pakati pa 2011 mitengo ya neodymium ndi dysprosium inali itakwera kangapo konse. Mu April 2025 China inalamula kuti wotumiza kunja zitsulo 7 za mtunduwu, kuphatikizapo dysprosium ndi terbium, ndi maginito ake omwe, ayambe watenga chilolezo. Patangopita milungu ingapo fakitale ya Ford ku Chicago inaimitsa ntchito sabata yathunthu. Palinso nkhani ya kuipitsa malo. Kulekanitsa zitsulozi kumafuna asidi wambiri, ndipo zotsalira zake zimakhala ndi thorium, chitsulo chotulutsa cheza choopsa ngati uranium. Dziwe la zinyalala la ku Baotou, kumene amayengera miyala ya mgodi wa Bayan Obo, ndi lodziwika dziko lonse chifukwa cha zimenezi.

Wina anganene kuti nanga si miyalayi tili nayo konkuno. Zoona, ili ku Kangankunde m'boma la Balaka ndi ku Songwe Hill ku Phalombe. Ndipotu dzina loti "rare" limasocheretsa, chifukwa neodymium ndi yochuluka m'nthaka kuposa mtovu. Chovuta si kuupeza mwalawo. Chovuta n'chakuti kuchoka pa mwala kufika pa maginito pali kulekanitsa, kusungunula, kusakaniza, kupera, kuumba ndi kuotcha, ndipo ntchito zonsezi zimachitikira kunja. Mgodi wa ku Balaka sutsitsa mtengo wa maginito mu shopu ya ku Limbe chaka chino kapena chamawa.

Tsopano nayi mfundo imene ndikufuna muigwiritsitse. Ntchito imene neodymium imagwira m'mota siichoka inu mukachotsa neodymiumyo, imangosamukira kwina. Mudzalipira ndi kukula kwa mota, kapena ndi kopa wochuluka, kapena ndi liwiro ndi magiya, kapena ndi kontirola yodula. Walira mvula walira matope. Luso lonse la kupanga mota yotere lagona pa kusankha matope amene ntchito yanuyo ingathe kuwapirira. Pampu yokhala pansi pa simenti siidandaula ikalemera makilogalamu 5 owonjezera. Wilo la njinga limadandaula.

Masamu ake si ovuta. Mphamvu yopotola shafiti, imene mainjiniya timaitcha torque, imachokera pa zinthu zinayi zochulukitsana: flux, kutanthauza mphamvu ya maginito yodutsa m'kampata ka pakati pa rota ndi siteta (mbali yosazungulira ija), karenti imene mwadzaza m'masiloti, kutalika kwa rota, ndi kukula kwa m'mimba mwa rota, kumene kumawerengedwa kawiri. Mota yomata neodymium pamwamba pa rota imakhala ndi pafupifupi 0.8 tesla m'kampatamo. Yomata ferrite chimodzimodzi imakhala ndi 0.3 kapena kupitirirapo pang'ono. Flux yatsika kawiri ndi theka. Mukati mubweze ndi karenti, kutentha kwa waya kukwera kupitirira kasanu ndi kamodzi, poti kutentha kumatsata karenti kuchulukitsa ndi karenti yomweyo, ndipo motayo ibwerera kwa inu itanunkha vanishi. Mukati mutalikitse rota, kopa ndi chitsulo zonse zikwera kawiri ndi theka. Koma mukakulitsa m'mimba mwake ndi 1.6, mwabweza zonse, chifukwa 1.6 kuchulukitsa ndi 1.6 ndi 2.56. Rota ya masentimita 10 ingokhala ya 16. Ndipo mukaika mapolo ambiri, chitsulo cha kumbuyo kwa maginito chimakhala chopyapyala ndipo pakati pamakhala mphako, moti kulemera sikukwera monga mukuopera. Mota yabwino ya ferrite imaoneka ngati chiwaya, osati ngati botolo.

Pa ferrite ndikhalitsapo, chifukwa ndi imene ili pafupi ndi manja anu. Amaipanga ndi okusayidi wa chitsulo, amene ndi dzimbiri lomweli, kusakaniza ndi strontium kapena barium n'kuotcha ngati mbiya. Kampani ya Philips ndiyo inaifalitsa m'zaka za m'ma 1950. Siichita dzimbiri, poti ndi dzimbiri kale. Siidutsa magetsi, choncho mkati mwake simuzungulira tikarenti tosochera timene timatenthetsa neodymium mota ikamathamanga. Mtengo wake pa kilogalamu ndi kachigawo kakang'ono ka mtengo wa neodymium. Mafani a kompyuta, mamota a mawaipa a galimoto ndi makina ochapira ambiri amayendera ferrite, ndipo palibe amene amadandaula.

Pali njira ziwiri zoikira. Yophweka ndi ya rota yakunja: siteta ili pakati, ndipo mbale yachitsulo yokhala ndi maginito mkati mwa mkombero wake imazungulira kunja. Ubwino wake ndi woti kampata kaja kamakhala kutali ndi shafiti, ndiye kukula kwa m'mimba mwake mwakupeza kwaulere, komanso mota ikamathamanga maginito amakankhikira pa mbale m'malo mofuna kuthothoka. Yachiwiri ndi yoimika maginito ngati masipoko a njinga, kuchokera pakati kuloza kunja, ndi zidutswa zachitsulo pakati pawo. Polo iliyonse imadyetsedwa ndi maginito awiri, ili mbali ino ndi ili mbali inayo, ndipo poti nkhope za maginitowo ndi zazikulu kuposa nkhope ya polo, flux imapanikizika ngati madzi otuluka pa paipi yopanikiza ndi chala. Ndi mapolo 8 kapena 10 mukhoza kufika 0.6 ngakhale 0.7 tesla ndi ferrite wamba. Msampha wake uli pakatikati pa rota. Chogwira shafiti chiyenera kukhala cha aluminiyamu, cha brass kapena cha stainless yosagwira maginito. Mukaikapo chitsulo wamba, flux idzadutsa njira yachidule ya m'shafiti osapita n'komwe ku siteta, ndipo mudzadabwa kuti mota yokongola chonchi ikukanika bwanji kutembenuza pule.

Choopsa pa ferrite n'chakuti karenti ya m'makoyilo ikachuluka imafafaniza mphamvu yake. Ine ndinaziphunzira mopweteka. Tinali ndi pampu yoyesera imene inkakana kunyamuka chifukwa cha mchenga, ndipo m'malo moitsegula ndinangokweza malire a karenti pa kontirola. Inanyamuka ndithu. Koma kuyambira tsiku limenelo mota ija ikakhala yopanda katundu inkathamanga kuposa kale, ikapatsidwa katundu n'kumadya maampu ambiri ndi kutentha. Chizindikiro chimenechi muchisunge, chimagwiranso ntchito pa mamota a neodymium amene amakubweretserani: liwiro lokwera popanda katundu, ulesi pa katundu, ndiye kuti maginito afooka, waya alibe mlandu. Mankhwala ake ndi maginito onenepa ndi malire a karenti amene munthu sangawasinthe mwachisawawa. Ferrite ya mamilimita 3 pamalo pamene panali neodymium ya mamilimita 3 ndi kutaya nthawi. Imafunika yonenepa kawiri kapena katatu, ndipo ichi ndi chifukwa china chimene simungangosinthanitsira maginito m'mota yakale.

Pa kutentha ferrite imachita zosemphana ndi neodymium. Ikatentha imafooka pang'ono, pafupifupi 0.2 peresenti pa digiri iliyonse, moti pa madigiri 100 yataya 16 peresenti, koma ikazizira mphamvuyo imabwerera. Imafafanizika mosavuta ikazizira kwambiri. Mainjiniya a ku Canada ndi ku Sweden amasowa nazo tulo zimenezi chifukwa galimoto zawo zimalizidwa pa madigiri 30 pansi pa ziro. Kuzizira kwa ku Dedza mwezi wa June sikufika pamenepo, ndiye vuto limeneli kwa ife ndi la eni ake. Kanthu kena koseketsa: ferrite ya giredi yapamwamba kwambiri amaithira lanthanum ndi cobalt, ndipo lanthanum ndi rare earth yomwe. Ndi yochuluka ndi yotchipa, koma munthu wolumbira kuti mota yake ilibiretu rare earth ayambe wafunsa giredi ya ferrite yake. Ngati mukukayika kuti ferrite ingagwire ntchito yolemetsa, General Motors inaika mota ya ferrite ngati imodzi mwa mamota awiri a Chevrolet Volt ya 2016.

Njira ina yobwezera torque ndi liwiro. Mphamvu ya mota ndi torque kuchulukitsa ndi liwiro, choncho mota yothamanga kwambiri imafuna torque yochepa. Wilo la njinga la mainchesi 26 pa makilomita 25 pa ola limazungulira pafupifupi ka 200 pa mphindi. Kuti mota ya m'wilo ipereke mawati 500 pa liwiro limenelo ikufunika manyutoni-mita 24. Mota yozungulira ka 3,000 pa mphindi imapereka mawati omwewo ndi 1.6 yokha, kutsika ka 15. Mtengo wake ndi magiya kapena lamba ndi tcheni, kuphatikizapo timalata topyapyala, chifukwa chitsulo chimatentha kwambiri flux ikamasinthasintha mofulumira. Timalata ta mamilimita 0.5 ta mota ya pachigayo tinapangidwira 50 Hz. Mukapitirira 200 Hz mufunika ta 0.35 kapena topyapyala kuposa apo.

Tibwere ku mamota opandiratu maginito. Mukaika msomali pafupi ndi koyilo ya magetsi, msomaliwo umatembenuka kuti ulunjike ndi flux. Mota ya reluctance ndi msomali womwewo atauika pa shafiti. Mtundu umodzi, synchronous reluctance, uli ndi siteta yofanana ndendende ndi ya induction, koma rota yake ndi timalata tobooledwa mipata yokhotakhota, kuti flux idutse mosavuta mbali imodzi ndi movutikira mbali ina. ABB inayamba kugulitsa mamota amenewa mu 2011, ndipo lero alipo ofika giredi ya IE5 pa kusawononga magetsi, pamwamba pa induction wamba, chifukwa m'rota mulibe karenti yotenthetsa. Pa pepala imeneyi ndi mota yokusiririkani: mutenge siteta yakale, musinthe rota yokha. Koma kunena zoona, m'shedi mwanu siituluka bwino. Imafuna kampata ka pakati pa rota ndi siteta kochepera theka la milimita, mipata ya m'rota yodulidwa ndi laser kapena chidindo cha fakitale, ndi inveta yodziwa kuiyendetsa, imenenso iyenera kukhala yokulirapo poti motayi imakoka maampu ambiri pa ntchito yofanana. Opanga ena amalowetsa ferrite m'mipata ija kuti achepetse vuto la maampu, ndipo m'maganizo mwanga kumeneko n'kumene mamota ambiri a mapampu ndi mafani akulowera.

Mtundu wina, switched reluctance, ndi wosavuta kuposa yonse kuupanga. Rota ndi chitsulo cha mano basi, mano 6 pa siteta ndi 4 pa rota, kapena 12 ndi 8, koyilo iliyonse yokulungidwa pa dzino lake. Gulu la Peter Lawrenson ku University of Leeds ndilo linaudzutsa cha m'ma 1980, ndipo umapezeka m'makina akuluakulu a m'migodi chifukwa suopa kutentha kapena fumbi. Umasokosera, torque yake imabwera modumphadumpha, ndipo choipitsitsa kwa inu n'chakuti kontirola ya njinga ya pamsika siingauyendetse. Umafuna kontirola yakeyake. Ngati muli ndi mnzanu wodziwa kulemba mapulogalamu a timakompyuta tating'ono, yesani mosangalala, koma musalonjeze kasitomala.

Makampani a magalimoto amene mwamvawo ambiri asankha njira imene inu mukuidziwa kuposa ine: rota yokulungidwa waya, ngati ya alternator. M'malo mwa maginito, karenti yochepa ya DC imalowa m'rota n'kuisandutsa maginito amene mungawakweze kapena kuwatsitsa. Renault yachita zimenezi pa Zoe, BMW pa iX3, i4 ndi iX, Nissan pa Ariya. Ubwino wake umaoneka pa msewu waukulu, pamene galimoto ikuthamanga osafuna torque yambiri: amangotsitsa karenti ya rota, pamene mota ya neodymium imayenera kuwononga magetsi polimbana ndi maginito ake omwe. Koma taonani, mamota onsewa ali ndi mabulashi pa masilipi ring'i. Kuti awachotse, Mahle mu 2021 ndi ZF mu 2023 anaonetsa mamota olowetsa karenti m'rota kudzera m'kathiransifoma kozungulira, popanda chokhudzana. Nyuzi zinalemba ngati chozizwitsa. Ine ndinaseka pang'ono, chifukwa jenereta iliyonse yaikulu imene mwakulungapo ili ndi exciter, kajenereta kakang'ono kodyetsa rota, pa shafiti ndi madayodi ozungulira, ndipo yakhala yopanda mabulashi kwa zaka makumi ambiri. Chatsopano n'kuchepetsa zonsezo kuti zikwane m'galimoto ndi kupirira liwiro lake.

Kampani ya magalimoto ya Tesla nayo inayamba ndi induction pa Roadster ndi Model S, n'kusamukira ku neodymium pa Model 3 mu 2017 pofuna kuti batire lifike patali, kenaka mu March 2023 inalengeza kuti mota yake yotsatira idzakhala ya maginito opanda rare earth. Kupita ndi kubwerera kumeneku kukuonetsa kuti ngakhale iwo akusinthanitsa matope omwe aja. Mudzamvanso za maginito a iron nitride amene kampani ya Niron Magnetics ya ku Minnesota ikupanga kuchokera pa kafukufuku wa Jian-Ping Wang. Ndi chitsulo ndi nayitirojeni basi. Muziwatchera khutu, koma musakonzere pa iwo mota ya chaka chino.

Mawu oti mota "yosawononga chilengedwe" ndimawagwira mosamala. Mamota amadya pafupifupi theka la magetsi onse a padziko lapansi, ndipo pa moyo wa mota ya m'fakitale ndalama ya magetsi imaposa kutalitali ndalama yogulira motayo. Ndiye mukachotsa theka la kilogalamu ya neodymium koma mota n'kumataya 10 peresenti yowonjezera ya magetsi kwa zaka 15, simunapulumutse kanthu. N'chifukwa chake ku European Union kuyambira July 2023 mamota ambiri a induction a pakati pa 75 ndi 200 kW ayenera kukhala a IE4. Kopa wowonjezera uja nayenso amachokera m'mgodi, ndipo abale athu a ku Kitwe ndi Chingola angakuuzeni kuti mgodi wa kopa si dimba la maluwa. Ubwino wa kopa ndi chitsulo ndi woti amasungunulidwa n'kugwiranso ntchito mosavuta, pamene maginito a neodymium ochuluka amangotayika limodzi ndi zitsulo zakutha. Pali oyesa kusintha zimenezi. Ku University of Birmingham anapeza njira yogwiritsa ntchito hayidirojeni kuphwanya maginito akale kukhala ufa woumbanso, ndipo kampani ya HyProMag imene ikugwiritsa ntchito njirayi ili pansi pa Mkango Resources, eni ntchito ya ku Songwe Hill, kudzera m'kampani yawo yotchedwa Maginito. Dzinalo simufunika womasulira.

Ndipo gawo lina la kusamala chilengedwe lili m'manja mwanu kale. Mota yotheka kuikulunganso katatu ndi yabwino kuposa yothiridwa guluu mkati monse yoti ikapsa n'kutaya. Koma kukulunga kosasamala kumaba efficiency, kutanthauza gawo la magetsi limene mota imasandutsa ntchito. Mukamaotcha waya wakale pa moto wa matayala kapena wa gasi wosapima, kavanishi kolekanitsa timalata kamapsa, timalata timagwirana, ndipo siteta imayamba kutentha yokha ngakhale waya ali watsopano. Kutentha kochotsera waya kusapitirire madigiri pafupifupi 370. Musachepetse geji ya waya pofuna kusunga ndalama, dzazani siloti mmene mungathere, ndipo mitu ya makoyilo ikhale yaifupi poti kopa wa kunja kwa siloti amatentha koma sapotola kanthu. Madigiri 10 aliwonse owonjezera amadula moyo wa insulation ndi theka. Chinthu chimodzi chokha: rota ya maginito isayandikire moto ngakhale pang'ono.

Nanga inuyo muchite chiyani? Pa pampu ya m'chitsime chobowola, kukula m'mimba n'kosatheka chifukwa pampu ya mainchesi 4 iyenera kulowa m'paipi. Pamenepo ine ndingatenge mota ya induction ya mafezi atatu yomira m'madzi, ndi inveta ya sola yoyendetsera pampu. Anthu amainyoza kuti imadya magetsi, koma tiwerengere. Kuti shafiti ipereke mawati 750, mota ya efficiency ya 80 peresenti imafuna mawati 940, ya 88 peresenti imafuna 850. Kusiyana kwake ndi mawati 90, osakwana n'komwe panelo imodzi ya masiku ano. Mlimi agule panelo imodzi yowonjezera, akhale ndi mota imene inu mungaikulunge chaka chilichonse osadikira phukusi lochokera kunja. Kumbukirani kuti inveta imamenya insulation kuposa magetsi a ESCOM, choncho ikani waya ndi mapepala a kalasi F, a madigiri 155, kapena H, a madigiri 180, ndi pepala pakati pa mafezi.

Pa njinga ndikuuzani mosabisa: mota ya m'wilo isiyeni ndi neodymium yake. Pamenepo malo ndi ochepa, liwiro ndi lotsika, ndipo ferrite singakwanitse popanda wilo kulemera ngati mtondo. Chimene mungachite ndi kuteteza maginito amene alipo: kutsitsa malire a karenti, kuika sensa ya kutentha m'makoyilo, kumata bwino polowera madzi. Mukafunitsitsa njinga yopanda neodymium, motayo ichoke m'wilo ikakhale pa felemu, ithamange ka 3,000 kapena kuposa, itsitsidwe ndi lamba ndi tcheni. Pa njinga ya mawilo atatu yonyamula katundu zimenezi zimakwana bwino.

Poyambira penipeni ndi pampu ya pamtunda, ya kudimba kapena ya pachitsime chosazama. Funafunani mota ya makina ochapira akufa a mtundu wa direct drive, monga a LG kapena Fisher & Paykel. Kuno sachuluka, koma achibale a ku Johannesburg amawapeza mosavuta kwa ogula zitsulo zakutha. Ndi mota ya ferrite ya rota yakunja yopangidwa kale bwino, yambiri ili ndi mano 36 ndi mapolo 48. Anaikulungira mavoti pafupifupi 300 a DC, makoyilo 12 motsatizana pa fezi iliyonse. Mukadula makoyilowo m'magulu 6 a awiriawiri n'kulumikiza maguluwo mu parallel, voteji yatsika ka 6, yafika pafupi ndi 48, pamene kontirola ya njinga ingaiyendetse. Palani waya kaye muone mtundu wake, chifukwa ena ndi a aluminiyamu wopakidwa utoto wa kopa ndipo salola soda wamba. Poti mapolo ndi 48, pa liwiro la 1,000 pa mphindi mwafika kale 400 Hz, ndiye musaimangirire pampu ya centrifugal yofuna 2,900. Ipatseni pampu ya pisitoni, ya chingwe kapena ya screw, zoyenda pang'onopang'ono koma zofuna torque.

Musanailumikize ku kontirola, izungulitseni ndi drill kapena lathe pa liwiro limene mwaliyeza, muwerenge mavoti a AC pakati pa mafezi awiri, mulembe nambalayo ndi penti pa chivundikiro. Ikagwira ntchito sabata imodzi, isiyeni izizire mpaka m'mawa, muyezenso pa liwiro lomwelo. Nambala ikatsika, malire anu a karenti ndi okwera kwambiri, atsitseni musanapange yachiwiri.